Kugula galimoto mu Lilongwe: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu ofuna galimoto muno mu Lilongwe, makamaka amene akugula koyamba.

Ndalama ndasunga. Ndiyambire pati?

Yambirani pa msewu wolowera kunyumba kwanu, osati pa zithunzi za pa Facebook. Munthu wokhala ku Area 47 n'kumagwira ntchito ku City Centre amayenda pa tala tsiku lonse, ndipo kagalimoto kakang'ono kamukwanira. Koma wokhala mkatikati mwa Area 25, Area 36, Chinsapo kapena kumapuloti atsopano, komwe msewu umasanduka ngalande mvula ikalimbika mu Januwale, aganizire kaye kutalika kwa galimoto kuchokera pansi. Dzifunseninso kuti muzinyamula anthu angati, kumudzi muzipitako kangati pa chaka, ndiponso ngati pobwerera muzitenga matumba a chimanga.

Kenako gawani ndalamazo. Gawo limodzi mwa magawo asanu lisapite kwa wogulitsa. Ngati muli ndi K20 miliyoni, funani galimoto ya K16 miliyoni. Zotsalazo zili kale ndi eni ake: inshulansi, kusintha umwini ku Road Traffic, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), oyilo, mafilita, mwina batire, ndipo kawirikawiri matayala. Galimoto zambiri zomwe zakhala pa miyala kuseri kwa nyumba sizinali zoipa. Eni ake anamaliza ndalama zonse tsiku logula, ndiye kanthu kakang'ono katafa anasowa pogwira.

Yatsopano, yochokera ku Japan kapena yoyenda kale kuno, yabwino ndi iti?

Yatsopano ya kwa dila ili ndi waranti ndipo mbiri yake mumaidziwa kuyambira kilomita yoyamba. Vuto ndi mtengo, komanso waranti imafuna kuti sevisi muzikachitira kwa dilayo pa nthawi yake. Mukangoipereka kwa makaniko wa pansi pa mtengo, waranti ikhoza kuthera pomwepo.

Ya ku Japan yayenda pa misewu yosalala, kunsi kwake sikunamenyedwe. Koma mukaitanitsa nokha mumalipira chinthu chomwe simunachigwire, n'kudikira miyezi iwiri kapena itatu.

Yoyenda kale kuno imatsika mtengo, mumaiona ndi maso, ndipo msonkho wake unaperekedwa kale. Koma yadya maenje, fumbi ndi oyilo wosadziwika. Ikakhala Sienta, Freed kapena Probox, fufuzani ngati sinali ya matola. Mipando yakumbuyo yophwa, zitseko zotsetsereka zokakamira ndi masipuling'i akumbuyo osintha zimaulula.

Kwa wogula koyamba, ife timakonda yongofika kumene, msonkho wake utaperekedwa wonse, yomwe mungaione limodzi ndi makaniko wanu musanatulutse ndalama. Mtengo wake umaposa woitanitsa nokha, koma kusiyanako ndi komwe kukugulirani mwayi woikana ikakhala ndi vuto.

Ndi mtundu uti womwe sungandivutitse?

Womwe masipeya ake mungawapeze ku Biwi tsiku lomwelo. Musanagule, lembani dzina la galimotoyo ndi chaka chake, mukazungulire mashopu atatu kapena anayi, mufunse mtengo wa mashoko, ma brake pad, pampu ya mafuta, galasi lakutsogolo ndi nyali. Akakuuzani kuti "timachita kuitanitsa", dziwani kuti tsiku lina galimotoyo idzagona mwezi pagalaja kudikira kachitsulo kamodzi.

Pa chifukwa chimenechi Toyota imatsogola. Injini ya 1NZ ya 1500cc, yomwe ili mu Axio, Fielder, Probox ndi Sienta zambiri, amakaniko amaidziwa ngati chikhatho chawo, ndipo imayendera tcheni m'malo mwa lamba. Vitz ndi Passo za 1000cc zimamwa mafuta pang'ono, koma zili ndi masilinda atatu, choncho zimanjenjemera pang'ono zikaima ndipo zimalemedwa mukadzaza anthu asanu. Mira ndi Alto za 660cc ndi za m'tauni. Ulendo wa ku Mzuzu wodzaza katundu sabata ndi sabata si ntchito yake. Honda Fit, Mazda Demio ndi Nissan Note nazonso zachuluka, masipeya akupezeka. Galimoto za ku Ulaya zimakoma pa msewu, koma zimafuna makaniko wa kompyuta, oyilo weniweni ndi thumba lakuya.

Galimoto zazing'ono zambiri za ku Japan zimatalikira pansi ndi masentimita 14 kapena 15 okha. Anthu amazikweza ndi ma spacer. Kukweza pang'ono, masentimita awiri kapena atatu, n'kotheka, koma mukapyola pamenepo ma CV joint, mfundo za zitsulo zopititsa mphamvu ku matayala, amagwira ntchito atapindika ndipo sachedwa kutha.

Ndikufuna kuitanitsa ndekha ku Japan. Zimayenda bwanji?

Mumasankha galimoto pa tsamba la kampani, iwo n'kukutumizirani invoisi. Onetsetsani ngati mtengowo ndi FOB kapena CIF. FOB ndi mtengo wa galimoto yokha ili padoko ku Japan. CIF yaphatikiza sitima ndi inshulansi mpaka padoko lofikira, lomwe kwa ambiri a chigawo chapakati ndi Dar es Salaam. Ndalama zimapita kudzera ku banki, ndipo poti ndalama zakunja zikuvuta, funsani banki yanu nthawi yodikira musanasungitse galimoto. Akaunti yolandira ikhale m'dzina la kampani yomwe ili pa invoisi. Mukalandira uthenga woti akaunti yasintha, kapena woti mutumize ku dzina la munthu, imani kaye muimbire kampaniyo. Akathyali amadutsira pamenepa.

Sitima imatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Galimoto ikafika, ajenti wa ku Dar es Salaam amaitulutsa padoko, imapatsidwa nambala yongodutsira ya IT, ndipo dalaivala amaiyendetsa mpaka pa boda ya Songwe ku Karonga. Kuchedwa kuitulutsa padoko kumabala ndalama zosungira tsiku lililonse, choncho ndalama za ajenti zikhale zokonzeka sitima isanafike. Kuti mulipire msonkho mufunika TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA.

Kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira 1,500, ndipo zambiri zimaonongeka kapena kusowa pa ulendo umenewu. Pemphani zithunzi galimoto ikangotuluka padoko: makilomita a pa dashibodi, batire, matayala, jeke, wailesi. Gwirizanani ndi dalaivala kuti asanyamule anthu kapena katundu, ndipo aone oyilo ndi madzi asananyamuke. Kumbukiraninso kuti zolipira za padoko ndi za panjira zimatsata dola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene galimoto zawo zinali pa nyanja masiku amenewo anawonjezera ndalama zomwe sanakonzekere.

Nanga msonkho amawerengera bwanji?

Zomwe zimasuntha kwambiri msonkho ndi kukula kwa injini, chaka chomwe galimoto inapangidwa ndi mtundu wake, kaya ndi yonyamula anthu kapena katundu. Injini yaikulu imalipira zambiri. Musaganize kuti galimoto yakale kwambiri, poti ndi yotchipa ku Japan, ikatchipanso pa boda. Tengani chassis number, chaka ndi kukula kwa injini, mukafunse ku MRA kapena kwa ajenti wovomerezeka musanalipire ku Japan. Malamulo a msonkho amatha kusintha ndi bajeti, ndipo chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho zomwe mnzanu analipira chaka chatha si muyeso wanu.

Ndione mapepala ati ndisanalipire?

Apa ndi pomwe timapempha kuti musafulumire ngakhale galimotoyo itakukomerani chotani. Injini yofa imakonzedwa, koma galimoto ya mapepala olakwika ikhoza kulandidwa yonse, ndalama zanu n'kupita.

Yambani ndi blue book, chikalata cha umwini wa galimoto. Dzina lomwe lili mmenemo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene akukugulitsani. Akati "ndi ya achimwene, ali ku Joni", funsani kuti umwini asintha ndani. Ikakhala ya kampani, pakhale kalata ya kampaniyo. Ikakhala ya malemu, pakhale mapepala osonyeza amene wapatsidwa mphamvu zoyendetsa chuma chamasiye, chifukwa mawa achibale ena akhoza kukupezani pakhomo.

Kenako werengani chassis number pa galimoto penipeni, pomwe inadindidwa pa chitsulo. Pa galimoto zambiri za ku Japan ili pa khoma la kuseri kwa injini kapena pansi pa mpando wa dalaivala, pa kachitseko ka pa kapeti. Pukutani ndi kansalu, muwalitse tochi, muwerenge chilembo chimodzichimodzi wina akuona mu blue book. Manambala akhale ofanana kukula ndi kuya kwake, pa mzere umodzi. Mukaona zowotcherera mozungulira, penti yatsopano pamalo pokhapo kapena chitsulo chopalidwa, siyani galimotoyo. Chitaninso chimodzimodzi ndi nambala ya injini. Ngati injini inasinthidwa, zikhale zitalembedwa ku Road Traffic.

Yongofika kumene ikhale ndi mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unaperekedwa wonse, komanso chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa. Samalani ndi galimoto zomwe zinalowa mwaulere, monga za mabungwe ena kapena anthu opatsidwa mwayi wosalipira msonkho. Zikamagulitsidwa pakhoza kukhala msonkho woyenera kuperekedwa, ndipo ukapanda kuperekedwa umatsata galimotoyo.

Chomaliza ndi ngongole. Wogulitsa akakuonetsani fotokope yokha n'kunena kuti blue book yeniyeni "ibwera", nthawi zambiri ili ku banki kapena kwa wakatapila ngati chikole. Ofesi ya Registrar General imasunga kaundula wa katundu woikidwa chikole, ndipo mukhoza kufufuzamo.

Makaniko wanga ayang'ane chiyani?

Choyamba, akhale wanu, wolipidwa ndi inu, osati wobwera ndi wogulitsa. Pitani m'mawa, kunja kukuwala, ndipo muuzeni wogulitsa asailize musanafike. Gwirani boneti ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ailiza kale, ndipo mavuto ambiri a injini amaoneka pa kuliza koyamba yozizira.

Musanailize, tsegulani chotsekera oyilo muone kunsi kwake. Pakakhala zoterera zooneka ngati tiyi wamkaka, madzi akusakanikirana ndi oyilo, ndipo nthawi zambiri ndi head gasket. Solani dipstick: oyilo wakuda bii wokhuthala ngati phula akusonyeza galimoto yosasamalidwa. Mu ladiyeta mukhale coolant wobiriwira, wofiira kapena wapinki, osati madzi a dzimbiri a pampopi. Funsani ngati thermostat ilimo, ndipo onani ngati fani sanailumikize kuti izizungulira nthawi zonse. Ambiri amachita zimenezi pobisa injini yowira m'malo mokonza chomwe chikuiwiritsa. Injini yotsukidwa mbee pa galimoto yakale nayonso ikupatseni mafunso, chifukwa kutsuka kumabisa podontha oyilo.

Tembenuzani kiyi osaliza. Magetsi onse a pa dashibodi ayake: a oyilo, a batire, a injini, a ABS, a airbag. Mukaliza azime. Getsi lomwe silikuyaka n'komwe ndi loopsa kuposa lomwe lakana kuzima, chifukwa pali amene amachotsa babu kapena kumata tepi yakuda kuseri. Makaniko abwere ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta ya galimoto, kaulula zomwe dashibodi yabisa.

Wina aime kumbuyo aone utsi. Wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wochuluka, wosatha injini itatentha, ndi madzi. Wakuda ndi mafuta ochuluka. Kanthunzi kochepa m'mawa wa mu Juni si vuto. Mvetserani injini: kaphokoso ka "tchetchetche" kwa masekondi angapo poliza kakhoza kukhala tcheni yotha, pomwe kugogoda kwakuya kochokera pansi ndi chizindikiro cha injini yomwe yatsala pang'ono kunoka. Batire labwino limaonetsa mavoti 12.4 mpaka 12.6 injini ili chete, ndi pafupifupi 14 ikulira.

Pa bodi, imani pakona muyang'ane m'mbali motsata kuwala. Penti yosiyana mtundu, mipata yosafanana pakati pa zitseko ndi boneti, kapena penti yodonthera pa malabala zikusonyeza kuti inawongoledwa. Kamaginito kokulunga m'nsalu sikagwira bwino pomwe anamata phala lambiri. Tukulani kapeti wa m'buti muone ngati chitsulo sichinakwinyike, ndipo pisani dzanja pansi pa mipando: matope ouma ndi fungo la chinyezi ndi za galimoto yomwe inamira. Kukwapulidwa kwa bampa si nkhani, koma chassis yopindika imadya matayala moyo wake wonse.

Ikwezeni pa jeke kapena pa dzenje. Onani mashoko ngati akudontha, malabala a CV joint ngati ang'ambika, ndi sampu ngati inamenyedwa. Onaninso paipi ya utsi: catalytic converter imabedwa chifukwa ili ndi zitsulo zodula, ndipo pamalo pake mumapeza powotcherera patsopano.

Poiyesa pa msewu ndichite zotani?

Kuzungulira mpanda sikukwanira. Yendani mphindi 20 kapena 30, wailesi itazimitsidwa. Pa msewu wotakasuka ngati Bypass ifikitseni pa 80, mumve ngati chiwongolero chikunjenjemera kapena galimoto ikukokera mbali imodzi. Pondani mabuleki mwamphamvu pomwe kumbuyo kulibe wina. Lowani msewu wafumbi wa mabampu: "gudugudu" wa kunsi ndi mabushi, ma link kapena mashoko. Pamalo pabwalo pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyenda pang'onopang'ono, ndipo mukamva "ta-ta-ta" ndi CV joint. Yatsani AC muone ngati muvi wa kutentha ukukhala pakati. Mukabwerera, isiyeni ikulira mphindi zisanu, kenako muisunthe muone pansi pomwe inaima.

Makilomita a pa dashibodi ndiwakhulupirire?

Okha ayi, amabwezedwa. Galimoto ya zaka 12 yoonetsa makilomita 40,000 koma chiwongolero chili chosalala ngati galasi, labala la buleki litadyeka ndipo mpando wa dalaivala utaphwa, ikunama. Ya ku Japan funsani auction sheet (pepala la kumsika komwe inagulitsidwa ku Japan) kapena export certificate (chikalata choitulutsira m'dzikomo), momwe mumalembedwa makilomita akale. Pa auction sheet, giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofunika kukonza, ndipo R kapena RA ndi yomwe inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Yang'ananinso timapepala ta sevisi tomatidwa pa chitseko kapena pansi pa boneti.

Automatic, CVT kapena manual?

Pa mzere wa galimoto wa m'mawa kuchokera ku Area 25 kapena pa mlatho wa Lilongwe, automatic imapumitsa mwendo. Chofunika ndi kudziwa giyabokosi yomwe mwagula. Galimoto zazing'ono zambiri za ku Japan zili ndi CVT, mtundu wa automatic wopanda magiya osinthasintha, ndipo CVT ili ndi oyilo wakewake. Kuthiramo ATF, oyilo wa automatic wamba, ndi njira yachidule yophera giyabokosi, ndipo zimachitika kwambiri. Poyesa, ikani pa D ndi pa R mutaponda buleki: ilowe msanga, mosagunda. Kunjenjemera ponyamuka, kulira ngati mluzu, kapena injini kukuwa galimoto osathamanga ndi zizindikiro za CVT yotopa. Manual ndi yolimba ndi yotchipa kukonza, ndipo kwa wonyamula katundu kapena woyenda kwambiri kumudzi ndi yomwe timalangiza.

Nanga za hybrid, monga Aqua ndi Prius?

Pa nthawi yomwe anthu amagona pa mizere ya mafuta, galimoto yomwa pang'ono ndi mpumulo weniweni, ndipo hybrid, yomwe imayendera petulo ndi batire, imapulumutsa kwambiri m'tauni momwe mumaima pafupipafupi. Nkhani ili pa batire lalikulu. Limatha ndi zaka, ndipo kutentha ndi fumbi zimalifulumizitsa. Lili ndi kafani koliziziritsa komwe kamakoka mpweya pafupi ndi mpando wakumbuyo, ndipo kakatsekeka ndi fumbi batire limapsa pang'onopang'ono. Musagule hybrid popanda kuyeza batirelo ndi kompyuta, ndipo funsiranitu mtengo wa lina.

Petulo kapena dizilo?

Ya m'tauni, petulo. Dizilo ndi wa pikapu ndi maulendo aatali olemera. Ma injector a injini za dizilo zamakono salola mafuta a m'zigubu osakaniza, ndipo kuwasintha n'kodula.

Ndilipire bwanji, nanga ajenti ndi madobadoba?

Ajenti amathandiza kupeza galimoto, koma kumanani ndi mwini wake, ndipo gwirizanani poyamba kuti komishoni alipira ndani. Musatumize ndalama "yogwirira" galimoto yomwe simunaione. Lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya dzina lomwe lili mu blue book. Lembani kalata ya mgwirizano yokhala ndi maina, manambala a ziphaso, nambala ya galimoto, chassis number, mtengo, tsiku ndi mboni ziwiri.

Kusintha umwini pitani limodzi ndi wogulitsa ku Road Traffic, nonse muli ndi Traffic Register Card, chifukwa MalTIS, makina a kompyuta a ku Road Traffic, imazindikira munthu ndi zidindo za zala. Sungani gawo la ndalama mpaka zimenezi zitatheka. Wogulitsa akalandira zonse amasowa, foni osayankha, inu n'kumayenda ndi galimoto ya dzina la wina. Madobadoba a pageti asakutengereni mapepala. Lipirani pamalo povomerezeka, mulandire lisiti.

Kugula pa ngongole kuli bwino?

Ngati galimotoyo izibweretsa ndalama kapena malipiro anu ndi okhazikika, n'zotheka. Funsani ndalama zonse zomwe mudzakhale mutabweza pomaliza, osati za pamwezi zokha. Banki imasunga blue book ndipo imafuna inshulansi ya comprehensive. Katapila musayese.

Inshulansi iti?

Lamulo limafuna third party, yomwe imalipira anthu ena mukawachita ngozi koma galimoto yanu ayi. Comprehensive imateteza ndi yanu yomwe. Mukaitenga, lembetsani mtengo weniweni wa galimoto ndipo muziuonanso chaka chilichonse, chifukwa kwacha ikagwa ndalama yomwe munalembetsa siingagulenso ina yofanana nayo. Funsani za excess, gawo lomwe mumalipira nokha pa ngozi. Galimoto yolembetsedwa ngati yapakhomo ikachita ngozi ili pa matola, kampani ikhoza kukana kulipira.

Ndagula. Sabata yoyamba ndichite chiyani?

Sinthani oyilo ndi filita yake ngakhale wogulitsa atalumbira kuti wangochita sevisi. Injini ya 1500cc imalowa malita osakwana anayi, ndipo ndi fumbi la kuno musapyole makilomita 5,000 musanasinthenso. Sinthani filita ya mpweya, onetsani mapulagi, brake fluid ndi coolant. Ngati injini ndi ya lamba ndipo palibe umboni woti anasintha, sinthani, chifukwa amafunika pa makilomita pafupifupi 100,000 ndipo akaduka pa injini zambiri amapinda ma valve.

Werengani zaka za matayala. Pambali pali manambala anayi: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Opyola zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi amang'aluka ngakhale mapazi ake akuoneka. Galimoto zina za ku Japan zimabwera ndi matayala a m'chisanu, olembedwa studless, ofewa, omwe sagwira bwino buleki pa tala wotentha wa mu Okutobala. Achotseni, muchititse alignment.

Tsegulani buti. Zambiri zimafika zopanda tayala lapadera, muli kapampu ndi kabotolo ka mankhwala basi, zomwe sizithandiza tayala likang'ambika pa dzenje kupitirira Dedza. Gulani tayala ndi limu yake, jeke, sipanala ya matayala, ma triangle awiri ndi chozimitsira moto, ndipo matani zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo. Wailesi za ku Japan zambiri zimathera pa 90 FM pomwe mawayilesi a kuno amafika ku 108, ndiye mukapeza ikugwira siteshoni imodzi kapena ziwiri zokha siinafe. Wamagetsi a galimoto aikemo band expander, ntchito yosakwana ola limodzi.